Mabowo a Ulemu pa Ndege ya Mfumu

Mu Ufumu wa Zilibwino zinthu siziwonongeka. Mlatho ukagwa, wailesi ya boma imati wapumula. Magetsi akazima, imati boma lapatsa anthu mpata woyamikira makandulo. Ndiye pamene ndege ya Mfumu Kondwerani Wachitatu inang'ambika m'mbali ili m'mwamba, Lachiwiri lina masana, wailesi inalengeza kuti ndegeyo yatsegula zenera latsopano kuti Mwini Dziko aziona bwino anthu awo.

Zeneralo linali lalikulu ngati chitseko cha khitchini. Linatseguka ndi phokoso ngati la mfuti, pafupi penipeni ndi mpando wa Mfumu, ndege ikuchokera ku msonkhano wa mayiko wolimbikitsa anthu kuyenda wapansi. Mpweya unatuluka ndi chilichonse chimene sichinamangidwe lamba: makapu, chipewa cha Mfumu, nsapato imodzi ya Nduna ya Zamalimidwe, ndi masamba onse makumi asanu ndi anayi a mawu amene Mfumu inayenera kukalankhula ikatera. Palibe amene anafa. Woyendetsa ndegeyo, Kaputeni Fatsani Kachule, analimbana nayo kwa mphindi makumi awiri mpaka kuiteretsa pabwalo la Tafikanso. Atatero anatsika, nakakhala pansi pa phiko.

Kumeneko n'kumene mchemwali wake anamupeza. Ndaziona Kachule anali wofufuza ngozi za ndege yekhayo mu ufumu wonse, ntchito yosatopetsa chifukwa ndege nayo inalipo imodzi yokha. Zaka zisanu ndi chimodzi anakhala mu ofesi yopanda ngozi, akumasula ndagi za manambala za kumapeto kwa nyuzipepala, mpaka ankazimaliza tiyi asanazizire.

"Wadya?" anafunsa mlongo wakeyo.

"Achemwali, ndege yang'ambika."

"Ine ndamva kuti yatsegula zenera."

"Musandiseketse."

Ndaziona anamugwira paphewa pang'ono, n'kupita kukaona bowolo. M'mwamba mwake ndi m'mbali chitsulo chinali chitang'ambika mwachisawawa, monga chimachitira chinthu chokokedwa ndi mphamvu. Koma m'munsi munali moongoka ngati pojambula ndi lula, ndipo munali timano tating'ono totalikirana mofanana, tonga ta m'mphepete mwa sitampa. Anayang'ana kumanzere kwa bowolo, anayang'ana kumanja. Mbali zonse ziwiri mzere wa zikwangwani zamkuwa unkanyezimira padzuwa.

Mlendo sangamvetse za zikwangwanizi popanda kumufotokozera. Ku Zilibwino chinthu chilichonse chimene Mfumu yakhudza chimalandira chikwangwani chamkuwa, chachikulu ngati chikhatho, cholembedwa dzina la Mfumu ndi tsiku. Mipando ili nazo, mitengo ili nazo, ndipo ng'ombe ina imene Mfumu inaisisita pachionetsero cha zaulimi inapulumuka kokha chifukwa mwini wake anapempha kuti chake achikoleke m'khosi. Ntchito imeneyi ili m'manja mwa Nduna ya Miyambo ndi Zikumbutso, Olemekezeka a Zingalume, amene amayenda ndi choboolera cha batire m'chikwama chachikopa, ndipo salola wina aliyense kuboola.

Ndege inalandira chikwangwani pa ulendo wake woyamba, china pa wachikhumi, china tsiku limene Mfumu inadutsa pamwamba pa mvula osanyowa, china tsiku limene inadzuka pamwamba pa nyanja yamchere n'kuitanitsa tiyi. Zonse pamodzi zinali makumi anayi ndi chimodzi, chilichonse mabowo anayi. A Zingalume sakonda zinthu zokhotakhota. Asanaboole ankamanga chingwe kuchokera pakhomo la ndege mpaka kumchira, kuti zonse zikhale pamzere umodzi, m'munsi mwa mazenera, mbali imene khamu limaonera. Mmisiri wina amene anayesa kuletsa chaka choyamba anakwezedwa paudindo, n'kutumizidwa kukayang'anira masitima apamadzi, m'dziko lopanda nyanja.

Ndaziona anatulutsa galasi lokulitsira zinthu nayenda ndi mzere wonsewo. Pansi pa zikwangwani zotsalazo, timing'alu tosaoneka ndi maso tinkachoka pabowo lina kupita pa linzake, ngati ana a sukulu ogwirana manja. Ndagi imeneyi anaimasula m'mphindi khumi. Vuto linali lakuti yankho lake silinali lololedwa.

Bungwe lofufuza ngoziyo linakhala pansi m'mawa wa Lachitatu, m'chipinda chachikulu cha kunyumba yachifumu. Mamembala anali khumi ndi anayi, ndipo wapampando anali a Zingalume. Ndaziona anamuika kumapeto kwa tebulo, pafupi ndi khomo, pamalo pamene pamakhala munthu wodziwa ntchitoyo.

Choyamba anamvetsera bokosi lakuda, lija limasunga mawu a m'ndege. Munamveka nduna zikuimba nyimbo yotamanda Mfumu, mawu anayi, bwino lomwe. Kenako phokoso. Kenako munthu wamkulu wina akuitana amayi ake ndi kulonjeza kuti akatera adzasiya zonse. Mawuwo anafanana kwambiri ndi a wapampando, ndipo mamembala onse anayang'ana kudenga. Bokosilo linagamulidwa kukhala chinsinsi cha boma, ndipo popeza munali mawu a Mfumu ikutsokomola, a Zingalume analiboola mabowo anayi n'kuliika chikwangwani.

Kenako anagawa fomu ya lipoti. Ku Zilibwino zoyambitsa ngozi zololedwa ndi lamulo zilipo zitatu, ndipo bungwe limangochonga chimodzi: mphepo, adani, kapena chifuniro cha Mulungu.

"Adani tilibe," anatero a Zingalume, "chifukwa Mwini Dziko amakondedwa ndi aliyense. Mulungu sangachite zoterezi kwa mnzake wapamtima. Kwatsala chiyani?"

"Mphepo," mamembala anayankha pamodzi.

"Yochokera kuti?"

Nduna ya Zamalimidwe, imene inali idakali ndi mtima wa nsapato yake, inati mphepo ya ku Zilibwino ndi yoleredwa bwino, singachite zimenezo. Bungwe linagwirizana kuti inali yochokera kwa anansi athu a ku Atinena, ndipo madzulo omwewo linatuluka lamulo loti mphepo iliyonse yolowa mu ufumu izionetsa chiphaso pachipata.

Ndaziona anakweza dzanja. "Olemekezeka, chidutswa chimene chinang'ambikacho sitinachipeze. Ndikanakonda tichifunefune."

"Chinthu cha Mfumu sichitayika, Mayi Kachule. Chili paulendo."

"Ndikanapemphanso kuti tione mzere wa zikwangwani uja."

Membala wina amene ankatafuna bisiketi analeka pakati.

"Mukutanthauza kuti dzina la Mwini Dziko lang'amba ndege?" anafunsa a Zingalume mofatsa.

"Sindinatero, Olemekezeka."

"Mwachita bwino. Kumasitima apamadzi kuja akufunako wachiwiri." Anatembenukira kwa anzawo ndi nkhope yowala. "Nkhani yabwino ndi iyi. Amisiri amaliza kugamba bowolo mawa, ndipo zikwangwani zisanu ndi chimodzi zimene zili paulendo ndazisulitsa kale zina, ndikazibwezera ndekha. Loweruka ndege inyamukanso, kuzungulira ufumu wonse kuti anthu athokoze. Pa mwambowo tidzaika chikwangwani chachikulu chokumbukira chipulumutso chathu, cha mabowo khumi ndi awiri. Ndipo ulemu woyendetsa taupereka kwa ngwazi yathu, Kaputeni Kachule."

Onse anaomba m'manja, ena akuyang'ana Ndaziona pomuyamikira. Nayenso anaomba, chifukwa manja ake anafuna chochita.

Ndaziona anakamupeza Fatsani ku kantini ya pabwalo la ndege, akuvundula tiyi amene sankamwa.

"Kana," anatero Ndaziona. "Nena kuti wadwala."

"Ndikakana aitana Mejala wa asilikali uja anaphunzirira kunja pa ndege yopopera thonje. M'ndegemo mudzakhala anthu khumi ndi awiri, kuphatikizapo atsikana awiri operekera zakudya. Ikang'ambikanso, bola pampando pakhale ine."

"Ikang'ambikanso sidzatsegula zenera limodzi. Mzere wonse uja wagwirana."

"Ndiye kanenani, achemwali. Inu si ndinu ofufuza?"

"Ndanena. Andilonjeza nyanja."

Fatsani anaseka pang'ono, kenako analeka. Kuyambira ali mwana, akachita mantha amakanda khutu lamanzere. Ndaziona anamuona akulikanda.

Lachinayi m'mawa anapita kukafuna chidutswa chija yekha. Analibe galimoto ya boma, koma anali ndi poyambira. Masamba a mawu a Mfumu aja anali atagwera anthu, ndipo sabata imeneyo mzinda wonse unkagula zitumbuwa zokulungidwa m'malonjezo a chitukuko. Pepala limauluka kutali, chitsulo chimagwa pafupi. Ndaziona anayenda msika ndi msika akufunsa ogulitsa kumene anatola mapepalawo, akuika timadontho pamapu, mpaka timadonthoto tinapanga mchira. Mutu wa mchirawo unaloza ku Dikirani.

Dikirani ndi dera la m'munsi mwa phiri limene pali thanki yaikulu yamadzi ya mzinda. Thankiyo imaoneka pakhomo lililonse, yobiriwira, yodzaza. Madzi ake amatsikira mbali inayo, kwa akuluakulu. Amayi a ku Dikirani amatunga kudambo, ulendo wa maola awiri. Pakati pa msika wawo pali mpope umene Mfumu inatsegula zaka zisanu ndi zinayi zapitazo. Unatulutsa madzi tsiku lomwelo, kuchokera mu diramu limene linabisidwa kuseri kwa khoma, ndipo uli ndi chikwangwani chokongola.

Pafupi ndi mpopewo panali Mayi Nachisale, wogulitsa zitumbuwa, amene anamukulungira ziwiri m'tsamba 47.

"Mwawerengako?" anafunsa Ndaziona.

"Ndawerenga, amwali. Akuti chaka chino tilandira madzi. Pepala lake ndi labwino, silidontha mafuta."

"Kunagwanso chitsulo kuno?"

"Ndinu a boma?"

"Pang'ono."

Mayi Nachisale anamuyang'ana nsapato zafumbi. "A boma enieni sabwera wapansi. Pitani kwa a Sandalamu, osula ndowa. Muona denga latsopano."

Dengalo linaonekera patali. A Sandalamu anali atasanjika chidutswa cha ndege ya Mfumu pamitengo inayi, ndipo anakhala pamthunzi wake akukhoma chogwirira cha ndowa. Zikwangwani zisanu ndi chimodzi zinali zikulendewera m'mphepete, chilichonse pa misomali iwiri yokha.

"Chinagwera m'munda mwa alamu anga," anatero, Ndaziona atadzidziwitsa. "Chitsulo chabwino, chopepuka, mapoto ake akanakhala osiririka. Koma chili ndi dzina la eni ake kasanu ndi kamodzi, ndiye ndani angachidule? Ndati chingonditeteza kudzuwa. Aka n'koyamba boma kundichitira kanthu."

Ndaziona analoza timano ta m'mphepete. "Bambo, apa mukuonapo chiyani?"

A Sandalamu sanadzuke n'komwe. "Ndikuona mmisiri mnzanga. Amene anaboola apo dzanja lake ndi loongoka. Akadzachotsedwa ntchito abwere, ndimulemba."

"Bwanji mukutero?"

"Ndi mmene timadulira lata sizasi ikabuntha." Anatola kachidutswa ka lata, nakaika pathabwa, n'kutenga msomali ndi nyundo. Go, go, go, mabowo khumi pamzere. Anakapinda, anakaongola, anakapinda, anakaongola. Kachisanu kanathyoka, m'mphepete muli timano. "Ukamwaza mabowo uku ndi uku, lata limapirira. Ukawafoletsa, ndiye kuti wauza mng'alu njira. Koma ndege amaipinda ndani?"

"Imadzipinda yokha. Ikakwera amaipopera mpweya mkati kuti anthu azipuma, ndiye imafufuma pang'ono. Ikatsika imaphwa. Ulendo uliwonse, kufufuma ndi kuphwa."

"Basi, ndiye kupinda ndi kuongola kumeneko." Anabwerera ku ndowa yawo. "Bungwe lanu lija lakhala masiku angati?"

"Awiri."

"Akanangotuma munthu kudzandifunsa. Koma mwina nkhuku za nkhomaliro zikanatsala."

Mayi Nachisale, amene anali atasiya beseni lawo kudzamvera, anati, "Ndiye mukalembe zimenezi, amwali."

"Ndikalemba sawerenga. Ndikanena andichotsa. Ndipo Loweruka mlongo wanga ali m'mwamba."

"Mfumu siwerenga malipoti?"

"Imangowagwira," anatero Ndaziona.

Ndi mmenenso zilili. Ku Zilibwino lipoti likatha limaperekedwa kwa Mfumu pamwambo, pamodzi ndi mphatso yochokera kwa amene analilemba. Mfumu imaika dzanja palipotilo, ndipo kuyambira pamenepo limaonedwa kuti lawerengedwa. Mphatso yokha ndi imene Mfumu imainyamula, kuitembenuza, kuiyesa ndi manja ake pamaso pa onse, kuti wopereka asachite manyazi. Ndaziona anali atadziwa mwambowu moyo wake wonse, koma anali asanauyang'anepo ngati ndagi. Anaima pansi pa denga la a Sandalamu, akuyang'ana tizidutswa tiwiri ta lata tili pathabwa.

"Bambo Sandalamu," anatero, "muli ndi jekete?"

"La maliro."

"Likwanira. Mawa mundiperekeze kunyumba yachifumu."

Mwambo wopereka lipoti unachitika Lachisanu masana. Panali nduna zonse, akazembe, gulu la zitoliro, ndi mtolankhani wa wailesi amene ankafotokozera dziko chilichonse chisanachitike. Fatsani anaima pambali mu yunifomu, chifukwa anayenera kulandira mendulo. A Zingalume analankhula mphindi makumi anayi za khalidwe loipa la mphepo za kunja, kenako anapereka lipoti, lochongedwa kale ndi cholembera chawo. Mfumu inaikapo dzanja. Zitoliro zinalira. Lipoti linali lawerengedwa.

"Mphatso ya wofufuza," anaitana wamkulu wa mwambo.

Ndaziona anapita kutsogolo, a Sandalamu akumutsatira ndi thireyi yokutidwa ndi nsalu yoyera. Atavundukula, panali tizidutswa tiwiri ta lata, totalika ngati lula. Kena kanali kosalala. Kenako kanali ndi mabowo pamzere woongoka, otalikirana monga amatalikirana mabowo a zikwangwani.

"N'chiyani chimenechi?" ananong'oneza a Zingalume.

"Masewera a manja, Olemekezeka. A ku Dikirani."

Ndaziona anagwada. "Mwini Dziko, ndikupempha muyambe ndi kosalalako. Mukapinde, mukaongole."

Mfumu Kondwerani Wachitatu ndi munthu wonenepa, wa maso atulo, amene zaka makumi awiri za kutamandidwa zinamuphunzitsa kumvetsera osamva. Koma zogwiragwira amazikonda. Inatenga kosalalako, n'kukapinda, n'kukaongola, kakhumi konse. Kanakhota koma sikanathyoke.

"Mwini Dziko akachitira chifundo," anatero mtolankhani wa wailesi.

"Tsopano kamabowoko, Mwini Dziko."

Mfumu inapinda. Inaongola. Inapinda. Pa ulendo wachinayi lata linathyoka pakati, phwa.

Chipinda chonse chinaimirira. Nduna zinafuula kuti Mfumu yathyola chitsulo ndi manja. Zitoliro zinayamba nyimbo ya fuko pamalo olakwika. Mtolankhani anauza dziko kuti adani, ngati akanakhalapo, akanathawa lero. A Zingalume anayamba kale kusisita chikwama chawo, akuganizira pamene angaike chikwangwani pa kachidutswa kakang'ono chotero.

Mtima wa Ndaziona unagwa. Anali ataganizira zonse, kupatula zakuti ku Zilibwino ngakhale lata limathyoka potamanda.

Koma Mfumu sinkamwetulira. Inali ikuyang'ana m'mphepete mwa kachidutswa kamene kanali m'dzanja lake lamanja, n'kumayendetsa chala patimano. Kenako inakodola Ndaziona kuti asendere, ndipo inalankhula motsitsa, phokoso likuwaphimba.

"Timano iti tinationapo, mayi."

"Inde, Mwini Dziko."

"Tinatiyang'ana mphindi makumi awiri. Chipewa chathu chinadutsa pomwepo." Inatembenuza kachidutswako. "Ndege yathu ili ndi mabowo angati?"

"Zana limodzi, makumi asanu ndi limodzi, ndi anayi. Mawa awonjezera khumi ndi awiri."

"Pamzere?"

"Woongoka kwambiri. A Nduna amagwiritsa ntchito chingwe."

"Ingayende maulendo angati?"

"Sindingadziwe. Mwina khumi. Mwina theka."

"Theka?"

"Kukwera kokha, Mwini Dziko."

Mfumu inayang'ana lipoti limene linali pansi pa chigongono chake. "Umu mwalemba chiyani?"

"Lipotilo likuti mphepo. Yanga ndi mphatsoyi."

Kwa nthawi yoyamba m'zaka zambiri, maso atulo aja anatseguka onse. Mfumu inakweza dzanja, ndipo chipinda chinakhala bata.

"Anthu athu," inatero, "takhala tikuganiza. Dzina lathu tinaliika pandege, ndipo ndege imakhala m'mwamba. Amaliwerenga kumeneko ndani? Makwangwala. Kodi n'chilungamo kuti makwangwala azisangalala ndi zimene anthu athu akuzisowa?"

"Si chilungamo," nduna zinayankha mokhumudwa kwambiri ndi makwangwala.

"Tikulamula kuti zikwangwani zonse zichotsedwe pandege lero. Ndegeyo yatumikira mokwanira, ipumule, aiveke khungu latsopano mbali yonseyo, ndipo Mayi Kachule ndi amene adzanene tsiku lodzuka. Pakhungu latsopanolo pasadzayandikire choboolera. Za mawa, tinalonjeza ku msonkhano kuti tizilimbikitsa kuyenda wapansi. Tiyenda wapansi."

Nduna ya Zamalimidwe inayang'ana nsapato zake zatsopano ndi chisoni. Pambali paja Fatsani anatsitsa dzanja kuchoka pakhutu. Ndaziona anapuma, ndipo anazindikira kuti kuyambira Lachitatu ankangopumira pamwamba.

A Zingalume okha ndi amene anaoneka ngati munthu wolandidwa mwana. "Mwini Dziko, nanga zikwangwanizo tikaziika kuti? Sizingakhale m'katoni."

"Pezani malo okwera, ooneka kwa onse, osayenda."

A Nduna anaganiza, kenako nkhope yawo inawala. "Thanki yamadzi ya paphiri la Dikirani. Ndi yotambalala, ndi yosalala, ndipo chingwe chikhoza kuizungulira yonse."

Ndaziona anatsegula pakamwa. Anali ndi digiri, ndipo digiriyo inkadziwa bwino chimene chimachitika ukaboola thanki yodzaza. Asanatulutse liwu, phazi la a Sandalamu linatsika pa phazi lake, n'kukhala pomwepo, lolemera ngati nyundo.

"Mayi Kachule ali ndi mawu?" inafunsa Mfumu.

"Amati ayamike, Mwini Dziko," anatero a Sandalamu. "Ndi wamanyazi."

Loweruka Mfumu inayendadi wapansi, mamita mazana atatu, ndipo msewuwo unalandira chikwangwani. Lolemba a Zingalume anakwera makwerero paphiri la Dikirani, namanga chingwe chawo cha m'munsi mwa thanki kuti anthu aziwerenga osapweteka khosi. Anaboola mabowo onse, kuphatikizapo khumi ndi awiri a chipulumutso. Anatsika ali chinyowere, koma wailesi inati ndi thukuta la kudzipereka.

Misomali ya zikwangwani sitseka madzi. Pofika Lachitatu, pansi pa dzina lililonse la Mfumu pankatsika timitsinje tinayi. A Sandalamu anasula ngalande yamalata, naikoleka m'munsi mwa mzerewo, n'kuitsetsereketsa mpaka pamsika, pamene inathera pamwamba penipeni pa mpope wakale uja. Amayi a ku Dikirani anasiya njira ya kudambo. Mayi Nachisale anati tsamba 47 linanena zoona, kungoti silinatchule njira yake. A Zingalume atabwera kudzaona khamu limene linkasonkhana pansi pa zikwangwani zawo m'mawa uliwonse, anagwetsa misozi poona mmene anthu amakondera kuwerenga, ndipo amayiwo anawapempha mwaulemu ngati sangakumbukirenso chinthu china, cha mbali ya kumpoto, kumene ngalande sinafike.

Koma mbali inayo ya phiri, kwa akuluakulu, madzi a m'bafa anayamba kufooka. Panakhazikitsidwa bungwe lofufuza. Popeza ndege inali idakapumula ndipo wofufuza anali wopanda ntchito, anaikamo Ndaziona, kumapeto kwa tebulo, pafupi ndi khomo.

Papita miyezi isanu ndi iwiri tsopano. Ndege inabwerera ndi khungu losalala ngati dzira, ndipo Fatsani waiyendetsa maulendo khumi ndi asanu osakanda khutu. Akakhala pansi amapita ku Dikirani kukathandiza Mayi Nachisale kunyamula ndowa, chifukwa zitumbuwa zawo anazizolowera. Lipoti la thanki lokha ndi limene silinatuluke. Sabata yatha a Zingalume anapeza Ndaziona pakhonde la ofesi ali ndi nyuzipepala m'manja, akudzaza manambala.

"Mayi Kachule, ya ndege ija munaimaliza m'masiku atatu. Iyi yavuta pati?"

Ndaziona anapinda nyuzipepala yake bwinobwino.

"Ndi nkhani yozama, Olemekezeka," anatero. "Koma ndikukayikira mphepo."